Benchi la pakhonde pa okala yathu ku Chitakale

Okala yathu ili pa Chitakale ku Mulanje, chapafupi ndi pomwe msewu wa ku Phalombe umapatukira. M'kati mwake muli zomwe mungapeze mu okala ina iliyonse: sopo, shuga, mafuta ophikira, machesi, mayunitsi. Chomwe chimatisiyanitsa ndi anzathu chili panja pakhonde. Pali mabenchi awiri, wailesi yomwe timatsegula m'bandakucha, bawo, ndi nyuzipepala za tsikulo zopachika pachingwe. Ena amati pakhondepo ndi pongotayira nthawi. Ine amene ndimasunga kaundula wa ndalama ndikudziwa kuti ndi pomwe pakhala pakutidyetsa kuyambira mu 2013.

Bambo a kwathu anayamba ndi kugulitsa nyuzi m'manja, kuzungulira nazo m'maofesi a paboma komanso pasiteji ya maminibasi ochokera ku Limbe. M'kati mwa sabata ankanyamula The Nation ndi The Daily Times, Loweruka Weekend Nation ndi Malawi News. Phindu la nyuzi ndi lochepa zedi, munthu sungalere nalo ana. Koma iwo anaona kanthu kena: nyuzi imodzi imagulidwa ndi munthu mmodzi, koma owerenga ndi anthu khumi, ndipo Loweruka anthu ankalimbirana masamba a Chichewa aja, Tamvani ndi Tikambe. Pamenepo ine ndinatenga ngongole ku banki mkhonde, tinagula sola imodzi ndi batire la galimoto, n'kuyamba kutchaja mafoni a anthu ochokera m'midzi yopanda magetsi.

Foni kuti idzaze moto pamafunika nthawi, ndipo mwini wake sapita kutali. Amakhala pabenchi, amatambasula nyuzi, akumva njala amaitanitsa tiyi ndi mandasi, ponyamuka amakumbukira kuti kunyumba kulibe sopo. Bizinesi yathu yonse yagona pamenepo. Nyuzi sitinkabwereketsa mwaulere kwa aliyense wodutsa, koma wotchajitsa foni kapena womwa tiyi ankawerenga popanda kulipira china. Posakhalitsa panapezeka anthu a tsiku ndi tsiku: anyamata a kabaza podikira makasitomala, ogwira ntchito m'minda ya tiyi akaweruka, ndi aphunzitsi ena opuma pantchito omwe mpaka lero aliyense amangowatcha kuti aphunzitsi. Nkhani zinkayambira pa mtengo wa feteleza, kudutsa ku Nyumba ya Malamulo, kukathera pa Maule ndi Manoma.

Mafoni a intaneti atachuluka, nkhani zinasintha kafikidwe. Kale munthu ankati "ndamva pa MBC" kapena "Zodiak yanena". Tsopano ankatulutsa foni m'thumba n'kunena kuti "anditumizira pa WhatsApp". Poyamba sitinaone vuto, chifukwa ogula mayunitsi ndi mabandulo anachuluka ndipo ife tinkapindula.

Mu September 2017 m'pamene tinadziwa kuti nkhani yopanda mwini imapha. Mphekesera ya anamapopa inagwira Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu. Anthu anasiya kugona m'nyumba, anyamata anatseka misewu usiku, ndipo anthu osachepera 8 omwe sanalakwe kanthu anaphedwa pongowaganizira. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake kuno ndi ku Phalombe, ndipo pulezidenti Peter Mutharika anachita kubwera yekha kudzalankhula ndi anthu. Masiku amenewo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankayang'anidwa ndi diso lofiira. Madzulo ena pabenchi pathu mnyamata wina ankaonetsa anzake uthenga wakuti galimoto ina yoyera yaoneka cha ku Muloza itanyamula zipangizo zopopera magazi. Anzakewo anayamba kuimirira. Aphunzitsi anamufunsa mwakachetechete:

"Mwana wanga, galimotoyo waiona ndi maso ako?"

"Ayi aphunzitsi, anditumizira achimwene anga."

"Nanga achimwene akowo aiona?"

Mnyamatayo anawaimbira pomwepo, tonse tikumva. Achimwenewo anali ku Ndirande, ndipo uthengawo anaulandira kwa mnzawo wa kuntchito. Anyamata aja anakhalanso pansi mmodzimmodzi.

Usiku umenewo ine ndi bambo a kwathu tinagwirizana lamulo lomwe likugwirabe ntchito. Pabenchi pathu aliyense ali ndi ufulu wobweretsa nkhani, koma anene komwe waimva. Ikakhala ya pafoni, yonena za imfa, za matenda kapena yoloza munthu chala, timadikira nkhani za pawailesi, ndipo timamvera mawailesi awiri osiyana, osati imodzi. Mawa lake timaiyang'ananso m'nyuzi. Sindikunena kuti atolankhani salakwitsa. Koma mtolankhani ali ndi dzina, wailesi ili ndi chiphaso cha MACRA, nyuzi ikanama imakokeredwa kukhothi. Uthenga wongotumizirana ulibe woti mukamufunse. Makasitomala ena anakhumudwa, ati tikuwayesa abodza, ndipo anasamukira kwina. Zinatipweteka m'thumba miyezi ingapo. Koma m'malo mwawo munabwera ena omwe sitinkawayembekezera, makamaka amayi a mumsika, omwe kale ankangodutsa. Ankafika ndi foni m'manja n'kunena kuti, "Amayi, tandionerani ichi, n'zoona kapena n'za m'maluwa?" Akamachoka ankagulako mchere kapena mafuta.

Nthawi yomwe benchi linadzaza kuposa ina iliyonse ndi ya mlandu wa chisankho. Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera atakasuma kutsutsa zotsatira za chisankho cha May 2019, khothi linalola kuti mlanduwo uziulutsidwa pawailesi, womasulira m'Chichewa ali pomwepo. Kuyambira mu August mpaka mu December anthu ankafika m'mawa ngati akupita kuntchito. Kuno anthu ambiri anavotera a Mutharika, koma pabenchi pankakhalanso otsatira zipani zina, ndipo ndinkachita mantha kuti tsiku lina kudzabuka ndewu. Chomwe chinatithandiza n'chakuti onse ankamva mawu omwewo pa nthawi imodzi. Munthu sakanatha kunamizira mboni zomwe sinanene, chifukwa mnzake wa pambali anamvanso. Ankakangana za tippex, za mafomu, za mafunso a maloya, koma ankakangana pa zomwe zanenedwadi. Pa 3 February 2020, oweruza asanu motsogozedwa ndi Healey Potani anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima, n'kufafaniza chisankhocho ndi kulamula kuti china chichitike pasanathe masiku 150. Tsiku limenelo mandasi anatha masana, ndinakandanso ufa kachiwiri. Ena anapita kwawo okondwa, ena okwiya, koma mawa lake onse anabweranso kudzawerenga nyuzi.

Mpira tinauonjezera pambuyo pake, titamanga kashedi kumbuyo n'kugula kanema, dishi ndi kajenereta. Wa ku England ndiwo umabweretsa ndalama sabata ndi sabata, koma usiku womwe anthu amaukumbukirabe ndi wa pa 25 January 2022. Namondwe Ana anali atangowomba kumene, magetsi atazima, ndipo malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka. Usiku womwewo Flames inkasewera ndi Morocco ku Cameroon, koyamba kufika mu ndime ya matimu 16 pa mpikisano wa Africa. Sola inalibe moto chifukwa cha mitambo, tinadalira jenereta. Gabadinho Mhango ataponya mpira uja kuchokera kutali n'kugwera muukonde, shedi yonse inagwedezeka, anthu onyowa ndi mvula akukumbatirana osadziwana. Tinagonja 2-1, koma za chigolicho anakambirana mwezi wathunthu.

Chomwe ine ndimachikonda kwambiri ndi mafunso a Loweruka madzulo. Anayambitsa ndi aphunzitsi, ataona kuti ana asukulu amazungulira pakhonde kudikira mpira. Iwo amakonza mafunso kuchokera m'nyuzi za sabatayo ndi m'mbiri ya dziko lathu, ife timapereka mphoto, sopo kapena kope ndi cholembera. Amafunsa kutalika kwa Sapitwa, ana n'kuyankha kuti mamita 3,002, kenaka amawalozera phirilo kuti adziwe kuti akunena za kwawo. Tsiku lina anatulutsa K200 m'thumba n'kufunsa kuti mayi ali pamenepo ndani. Ana sanadziwe, akuluakulunso ambiri sanadziwe, ndalama yomwe amaigwira tsiku lililonse. Aphunzitsi anafotokoza za Rose Chibambo, momwe anasonkhanitsira amayi polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi momwe anamangidwira mu 1959 n'kupita kundende ya Zomba ali ndi khanda m'manja. Mayi wina wogulitsa tomato anaiyang'anitsitsa ndalamayo nthawi yaitali asanaibweze. Loweruka lotsatira anabwera ndi mwana wake wamkazi kuti azipikisana nawo.

Namondwe Freddy atawomba mu March 2023, bizinesi inasanduka china. Midzi ya kumunsi kwa phiri, cha ku Muloza ndi ku Nkhulambe, inakokoloka, milatho inaduka, nyuzi zinasiya kufika. Anthu ankabwera wapansi kudzatchajitsa foni kuti afunefune abale awo, ndipo sitikanatha kuwalipiritsa. Mauthenga onama anachulukanso, ena akuti namondwe wina akubwera usiku womwewo, ena akufalitsa zithunzi za maiko ena ngati zajambulidwa kuno. Munthu amene nyumba yake yapita safunika kuopsezedwa kawiri. Tinkatsegula wailesi mokweza pa nthawi ya uthenga wa azanyengo, ndipo bambo a kwathu ankalemba pa katoni zomwe zalengezedwa, ndi nthawi yake, n'kupachika pachingwe cha nyuzi chija.

Lero zinthu si zophweka. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wa ku Limbe anakwera koopsa, ndipo batire latsopano lakhala chinthu choganizira kawiri. Ogula nyuzi yawoyawo achepa kwambiri. Anzathu ena amatiuza kuti tingoisiya, poti zonse zili pafoni. Ife tachepetsa zomwe timaoda, koma ya pachingwe sitidzaichotsa. Ndi yomwe aphunzitsi amatengamo mafunso, ndi yomwe timatambasula pakakhala mkangano, ndipo mwana wasukulu yemwe kwawo kulibe buku amayamba kuwerenga pamenepo. Zakale timazisunga m'katoni motsatira miyezi, ndipo zikakwana chaka m'pamene timakulungira katundu.

Mwana wathu wamkulu ndiye akuthandiza tsopano pa zofufuza za pafoni. Amadziwa kuyang'ana ngati chithunzi chinatulukapo kale kwina, ndiponso ngati tsamba lodzitcha la wailesi yakutiyakuti lilidi lawo, ndipo amaphunzitsa agogo ndi amayi a mumsika kuti uthenga wolonjeza ndalama zaulere, wofuna nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, aziufufuta osayankha. Ndalama za banki mkhonde za chaka chino tazilinganiza kuti tigule sola yachiwiri ndi malata ofolera mbali ya khonde yomwe imalowa mvula, kuti mafunso a Loweruka asamaime nthawi ya dzinja. Benchi lachitatu takamba kale ndi kalipentala, ndipo likhala la amayi, chifukwa mpaka pano ambiri amamvetsera ali chiimire.