Lachitatu ku Chembe: wailesi ya amalume ndi phiri lakumbuyo

Ndadzuka kusanache bwino chifukwa amalume anali kale pakhonde akulimbana ndi wailesi yawo. Amafuna kumva za nyengo anyamata awo asanakonze ulendo wa usiku wokaponya ukonde wa chilimira. Mwezi uno ndi wa Juni, mwera sufunsa. Koma wailesiyo imangoti fwaaa, mawu kubwera pang'ono, kenako kuzilala.

"Mphwanga, iwe unapita kusukulu, tandiona kanthu aka. Mabatire ndagula dzulo lomweli."

Ndawauza kuti vuto si mabatire, tiyeni kumchenga. Tangofika pomwe ayanika usipa pamathandala, ndakoka mlongoti wa wailesiyo n'kutembenukira kunyanja, mawu angoti mbee. Amalume agwira pakamwa.

Nkhani yake ndi iyi. Mafunde a wailesi a FM, omwe amakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz (manambala omwe timasakapo masiteshoni), ndi aafupi, pafupifupi mamita atatu lililonse, ndipo amayenda mongolunjika. Akakumana ndi phiri, ochepa okha ndi omwe amakhota pamwamba pake n'kutsikira kuseri, ndipo amafika atafooka. Mudzi wa Chembe wakhala m'tsinde mwa mapiri a Cape Maclear, mapiriwo kumbuyo, madzi kutsogolo. Nyumba ya amalume ili pafupi zedi ndi matanthwe. Pamadzi palibe chotchinga, choncho mawu ochokera kutsidya amadutsa bwinobwino, pomwe ochokera kuseri kwa phiri, ngakhale pafupi ngati ku Monkey Bay, amavutika kufika.

Masana tadya nsima ya utaka, ndagona pang'ono.

Madzulo kwabwera mkulu wina yemwe wakhala panyanja moyo wake wonse. Wati mu Okutobala, kukatentha, wailesi yake imagwira masiteshoni achilendo, ena olankhula Chipwitikizi, omwe miyezi ina samveka n'komwe. Sananame. Nyengo yotentha mpweya wofunda umakhala pamwamba pa mpweya wozizira womwe wagona pamadzi, ndipo mafunde amapindikira pansi m'malo mothawira kumwamba, n'kuyenda mtunda wautali kuposa masiku onse. Kunyanja zamchere, monga ku Beira, palinso china: madzi amchere amanyamula bwino kwambiri mafunde a wailesi a mtundu wina, a medium wave (AM), omwe amayenda motsata nthaka. Madzi athu alibe mchere, ndiye mwayi umenewo tilibe wambiri.

Chomwe chandikhudza ndi ichi. Phiri lomwe limatchinga mawuli ndi lomwenso limatchinga mwera, popeza umachokera kummwera chakum'mawa. Munthu ukaima pagombe la Chembe umaona madzi ali phee, n'kuganiza kuti kuli bwino. Ukangodutsa chilumba cha Domwe ndi pomwe umakumana ndi mafunde enieni a madzi. Ndiye anthu omwe maso awo sangawauze zoona za mphepo ndi omwewonso chenjezo la azanyengo limawafika movutikira. Oika milongoti ya wailesi akamayang'ana mapu, ndikanakonda atamaganizira midzi ya m'tsinde mwa mapiri ngati uno, osati matauni okha.

Tisanagone tamangirira waya kunsungwi yaitali pambali pa khonde, mbali yoyang'ana kunyanja, n'kuulumikiza ku mlongoti wa wailesi. Nkhani za 7 koloko zamveka bwino ndithu, ndipo achenjeza za mwera wamphamvu. Amalume awauza anyamata kuti lero boti likhale kumtunda, azisoka ukonde.