Series ndi parallel ndazimvetsa pa kagalimoto ka limoti

Teremu yathayi mayeso a zamagetsi ndinalakwa, ndisabise. Aphunzitsi ankajambula mabatire pa bolodi ine nkumangokopera mu kope mutu uli gwaa, V = IR ndinailoweza ngati vesi la Sande sukulu koma mukanandifunsa kuti ikutanthauza chani ndikanangokanda m'mutu. Zayamba kulowa holide ino, ndipo wondiphunzitsa wake ndi chidole.

Achimwene pobwera kuchokera ku Joni anandiponyera kagalimoto ka limoti kakale, ka ku China, ka 1/18, ndiye kuti galimoto yeniyeni ndi yotalika ka 18 kuposa iko. Limoti inalipo, batire munalibe. Pa YouTube anzathu akunja amathamangitsa timagalimoto ta limoti ta makampani a Traxxas ndi Tamiya, ndalama zake mutha kugula njinga ya kabaza nkutsala chenje, ndiye ine ndinangoti tiyeni tione ka kwathu komweka.

Pansi pake panalembedwa 7.4V. Ndinapita kwa bambo ena okonza mafoni pa Kamuzu Road, anandigulitsa motchipa batire ya laptop yakufa, nditaitsegula ndinapezamo timabatire 6 tija amati 18650, dzinalo ndi muyezo wake chabe, 18mm kunenepa 65mm kutalika. Kamodzi ndi 3.7V, kakadzadza 4.2V. Tiwiri tinali titatsika osafikanso pa 2V ndipo bambo aja anati "iwe usatitchaje iti, uotcha nyumba ya amako". Pa tinayi totsalato ndinatenga tiwiri, nditatitchaja nkutilumikiza plus ku minus, kuika multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, 8.3V. Ndinangoti kakasi kuyang'ana nambalayo. Series ndi yomweyi eti? Kuphatikiza basi? Miyezi itatu ndakhala ndikuvutika ndi chinthu choti mwana wa Sitandade 3 angasove.

Koma kagalimoto sikanasangalale ayi. Ndikafinya limoti kamati vuu kenako nkufooka ngati kali ndi malungo. Ndinamangirira mawaya a meter ku batire, kugwira matayala ndi dzanja pang'ono kuti mota ivutike, nambala nkugwa mpaka 6 ndi kanthu, kusiya matayala nkukweranso. Apa mpamene V = IR (voltage ndi ma amp kuchulukitsa ndi resistance, chomwe chimatchinga magetsi kuyenda) inandigwira pakhosi, chifukwa batire nayonso ili ndi resistance yake mkati, mota ikamakoka ma amp ambiri mphamvu ina ikuthera m'batire momwemo, nchifukwa chake imafunda. Ine ndinkaganiza kuti mAh ikakhala yambiri ndiye kuti batire ndi yamphamvu, kumeneko kunali kuphonya. mAh ndi kukula kwa chigubu, koma chigubu cha malita 20 chikakhala ndi pakamwa pang'ono madzi amatulukabe pang'onopang'ono. Ta laptop anatipanga kuti tizipereka pang'ono kwa nthawi yayitali, ta mu drill ndi tomwe timatha kukhuthula kamodzi. Ta drill ndinalibe, ndiye ndinatenga tinayi tonse, tiwiritiwiri parallel, ndiye kuti plus ku plus, minus ku minus, kenako magulu awiriwo series. Voltage yomweyo, koma katundu akugawana, kalikonse kakusenza theka. Kagalimoto kanalemera kumbuyo koma kanadzuka.

Kutchaja ndimagwiritsa kabolodi kotchipa ka TP4056, kamodzikamodzi pa tchaja ya foni, magetsi akazima pa sola. Ndimatchajira pa simenti pakhonde kutali ndi mphasa, amayi amadutsa akundiyang'ana cham'mbali.

Tilipo anayi a timagalimoto kuno, timakumana Loweruka pa bwalo la netiboli, msewu timalemba ndi phulusa, m'makona timaika mabotolo a madzi odzadza mchenga. Mphindi 5, wozungulira kambiri ndiye wawina, wowerenga ndi ana omwe amatiunjirira aja ndipo salakwitsa. Ena amabwera ndi magalimoto awo a mawaya kudzaimika pambali ngati pa depoti.

Dyera linandipweteka pa magiya. Kagiya ka pa mota kali ndi mano 17, yaikulu 38, ndiye mota imazungulira pafupifupi ka 2.2 kuti yaikuluyo izungulire kamodzi. Mnzanga anandipatsa ka mano 21 kochokera m'galimoto yake yakufa, ndinawerengera nkupeza 1.8, ndati eya liwiro ndi limeneli. Liwirolo linabweradi, pamalo owongoka palibe anandiona. Koma kona iliyonse ndimakamenya botolo, kuthamanga kukatembenuza, kubwerera, pomwe mtsikana wina wa Fomu 2 ndi kagalimoto kake kochedwa ankangozungulira phee osagunda kanthu, anandisiya ndi maulendo atatu. Mphindi yachinayi kanga kanaima, kafungo ka waya wopserera kaja nkumveka. Ndinagwira mota ndi chala nkuchotsa msanga, matuza. Giya yaikulu pa mota ikufanana ndi kukwera chitunda pa njinga uli pa giya yolimba, ndiye onjezani dzuwa la ku Salima kuno masana. Pano ndimayesa ndi chala pakatikati, ndikalephera kupirira masekondi ochepa ndimapumitsa.

Ku Senga Bay ndinapita nako kamodzi kokha, pa mchenga, sindidzabwerezanso, usiku wonse ndinakhalira kutsuka magiya ndi mswachi wakale.

Mota ndinaitsegula Lolemba, ma brush, tizidutswa tolowetsa magetsi mu mota, atha mbali imodzi, pa commutator, pomwe ma brushwo amakhuza, pada bii. Ndapala ndi sandpaper yosalala, ndabwezeretsa ka mano 17, ndipo pomanga ndinalowetsa kapepala ka mu kope pakati pa magiya awiriwo kuti pakhale kampata, nkukachotsa nditamanga sikuluu. Ikuzungulira koma ikulira mwachilendo. Mayeso obwereza ndi mwezi wamawa, ndatsegulanso kope lija ndipo pa tsamba la parallel ndajambula timabatire tanga tinayi m'mphepete. Loweruka mtsikana uja wati andibwereke kagalimoto kake ndiyesere makona, bola ndimutchajire mabatire.