Shuga wobisika m'mapesi ndi m'zitsononkho

Temu ino takhala tikuphunzira za ma enzyme, timankhwala tachilengedwe tomwe timagaya chakudya, amene bowa ndi chuku zimatulutsa pofuna kudya zinthu zolimba monga mapesi, zitsononkho ndi makoko a mtedza. Mfundo imene yandikhala m'mutu ndi yakuti chuku mukachipatsa shuga wambiri, chimaleka kupanga ma enzyme amenewa. Chimayamba kuwapanga shuga akasowa, pamene chakudya chotsala ndi ulusi wa zomera basi. N'chifukwa chake zotsalira za m'munda zimaikwanira bwino ntchito yopanga ma enzyme amenewa. Kutchipa kulipo, koma chachikulu n'chakuti kulimba kwakeko ndi kumene kumachikakamiza chuku kugwira ntchito.

Phesi la chimanga lili ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: cellulose, hemicellulose ndi lignin. Cellulose ndi glucose, shuga yemweyo wa mu nsima, koma wolumikizana ngati unyolo m'njira imene mimba yathu singathe kumasula. Lignin ndiye amakuta zonsezi kuti zisawole msanga. Kuti shuga atuluke pamafunika ma enzyme ogwira ntchito mogawana: ina imadula cellulose pakati, ina imabenthula kuyambira kunsonga, ndipo yomaliza, beta-glucosidase, imamasula glucose mmodzimmodzi.

Chuku chodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Trichoderma reesei. Chinapezeka ku zilumba za Solomon pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chikuwoletsa matenti ndi zovala za thonje za asilikali a ku America. Elwyn Reese ndi Mary Mandels anachifufuza kwa zaka zambiri ku Natick, m'dziko la America, ndipo lero makampani amachigwiritsa ntchito popanga ma enzyme ofewetsa nsalu, osakaniza m'chakudya cha ziweto ndi opangira ethanol. Chofooka chake n'chakuti beta-glucosidase chimatulutsa wochepa, choncho amachiphatikiza ndi Aspergillus niger, chuku chakuda chija chimene timachiona pa anyezi.

Mu labu tinapera zitsononkho, n'kuthiramo madeya, n'kunyowetsa mpaka ukafinya m'manja madzi asadonthe. Tinaziphika pa madigiri 121 kuti tizilombo tina tife, kenaka tinathiramo chuku n'kusunga pa madigiri 30. Patapita masiku, botolo linachita biliwiri ndipo linkanunkha ngati dothi la mvula yoyamba. Madzi amene tinasefamo tinaikamo kapepala kosefera, kamene nakonso ndi cellulose ngati thonje; titakatulutsa kanali katafewa, kakuyoyoka m'mphepete. Ndinakayang'ana nthawi yaitali kapepalako, poti thonje ndi phesi zimagonja m'njira yomweyo.

Apa m'pamene ndinayamba kuganizira kwathu ku Bembeke. Mapesi amachuluka tikakolola, mu June ndi July, nthawi imene Dedza amazizira kwambiri. Chuku chofuna madigiri 30 chingamakule pang'onopang'ono, kotero wofuna kuyesa ayenera kuyamba waganizira za chipinda chofunda. Bowa wa oyster ndiye ndikuona kuti angatiyanje. Sadana ndi kuzizira pang'ono, amamera pa mapesi odulidwa, ndipo ali ndi laccase, enzyme yothyola lignin. Ukakolola bowayo, zotsala zimakhala zitafewa kale, zoti n'kupita pa manyowa.

Chiswe chinayamba kale ulimi umenewu. Mtundu umene umatipatsa ngumbi umatuta udzu ndi timitengo n'kukadyetsa bowa wotchedwa Termitomyces m'kati mwa chulu. Bowayo amafewetsa ulusi, chiswe n'kumadya. Bowa wa pachulu amene amayi amazula mvula ikagwa ndi yemweyo.

Pali chimodzi chimene sindifuna wina andimve molakwa. Chuku chimene chimagwira chimanga ndi mtedza wosauma bwino chimatha kukhala Aspergillus flavus, chimene chimatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi. Munthu asatenge madeya ochita chuku n'kupatsa nkhumba kapena ng'ombe poganiza kuti awonjezera chakudya. Mbewu ya bowa iyenera kuchokera kwa odziwa kuikonza.

Funso limene likundivutabe ndi lakuti mapesi ali ndi eni ake ambiri. Ng'ombe zikuwafuna, alangizi akuti tiphimbire nthaka, ndipo zitsononkho amayi amasonkhera moto nkhuni zikasowa. Ine ndingayambe ndi mapesi a m'minda imene imatenthedwa posaka mbewa, komanso makoko a mtedza amene amangounjikidwa kuseri kwa nkhokwe, poti amenewo palibe amene ndingamulande.