Chipinda cha phee cha K300,000

Dzina la mphwanga, mwana wa alongo anga, litatuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite ina ya boma mu Blantyre, kwathu kuno ku Ntcheu tinapha mbuzi. Nyama isanatsike n'komwe kukhosi, mnyamatayo anatiwerengera uthenga wa pafoni wakuti malo ogona a pasukulu adzaza, iye ali m'gulu la odzipezera okha kunja kwa mpanda. Maso onse anagwera pa ine. Paja ndimakweza mbatata ya kachewere pa Tsangano Turn-off kupita nayo ku Blantyre kawiri pamwezi, ndiye pamudzi amandiyesa mwini tauni. Zoti Blantyre amene ndimamudziwa ine ndi wa pamsika ndi pa Wenela basi, sindinaulule.

"Achimwene, mwanayu mukamupezere pa phee," anatero alongo anga uku akumasula mfundo ya chitenje. "Kopanda phokoso. Akawerenge."

Ndinalemba zinthu 7 kuseri kwa kope la ngongole za makasitomala: mtunda, mpanda, loko, denga, madzi, magetsi, bata. Mpaka lero ndimauikira kumbuyo mndandanda umenewo. Unalibe vuto. Chinandipha ine ndi ola limene ndinafikira.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera minibasi pa boma, kudutsa pa toll gate ya Chingeni, mlatho wa Zalewa, Lunzu, Kameza, 10 koloko ndili pa Wenela. Ejenti amene nambala yake mphwanga anaitola pa gulu la WhatsApp la ongosankhidwa kumene anali akundidikira kale, nsapato zosongoka, mafoni awiri m'manja. Tisanasunthe phazi anati ya kuonetsa ndi K5,000, nyumba mwaikonda kaya simunaikonde. Kenako anandilongosolera kuti malo a pafupi, monga ku Chichiri, Chitawira ndi Naperi, amatha msanga chifukwa ma conti, ophunzira akalewo, amalipiriratu asanapite ku holide. Ma yearo, a chaka choyamba, amatsalira zotsala: Nkolokosa, Manja, Zingwangwa mpaka uko ku Chilobwe.

"Koma inu abigi muli ndi mwayi. Pali kena kake, mphindi zochepa chabe."

Anaimitsa kabaza wa njinga yamoto, tonse awiri kumbuyo. Ndinayang'ana wotchi ponyamuka pa geti la sukulu ndi pofika: mphindi 7. Ndinatulutsa kope n'kuchonga mtunda.

Inali boyizikota ya zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yaikulu, chakumtunda kwa Zingwangwa. Mpanda wa njerwa, mabotolo osweka pamwamba, geti lachitsulo, galu wa nkhope yosaseka. Chonga. A landilodi anali mayi aulemu wawo, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kufunsa ngati ku Ntcheu kukuzizirabe. Chipinda chinali chosesa bwino, bedi limodzi pakona. Ndinachiyeza ndi mapazi, masitepe 4 uku, 5 uko. Mumtima ndinati mwana wa alongo anga azichita kusochera muno.

Apa ndiye ndinagwira ntchito ngati munthu wodziwa. Ndinayang'ana siling'i ngati ili ndi zigamba zofiirira, pakuti denga lodontha silibisika ngakhale m'chilimwe. Ndinagwada n'kuona m'munsi mwa khoma ngati pali mzere wa matope kapena pulasitala yofufuma. Kumbali imeneyo ya phiri la Soche zimenezi si zoseweretsa, aliyense akukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita m'Malichi 2023 ku Chilobwe ndi ku Manja. Khoma linali louma gwa. Ndinagwedeza zitsulo za pawindo chimodzichimodzi, ndinatseka ndi kutsegula loko katatu. Ndinatsegula mpopi wa panja, madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kundinyowetsa buluku. Chimbudzi chogejemula, choyera. Ndinali kuchonga ngati mphunzitsi wokondwa.

Nditalowetsa chaja mu soketi, foni sinayankhe.

"Athima chigawo chonse chino kuyambira 6 koloko, bambo," anatero mayiwo. "Koma mita ndi iyo, ya mayunitsi."

Ndinagwedeza mutu. Kuthima kwa magetsi kudabwitse ndani? Ndinachonganso.

Chotsala chinali chimene alongo anga anandituma. Ndinapempha onse akhale chete, ndinaima pakati pa chipinda n'kutsinzina. Abale anga, zii. Kunalibe wailesi, kunalibe nyundo, kunalibe mlaliki wa sipika. Kumangomveka nkhunda kuseri kwa mpanda, zambirimbiri, zikulira mokhuta. Pa shelefu ya windo panali kafumbi koyera kosalala. Ndinakapaka ndi chala, kukanunkhiza, n'kunena ndekha kuti awa ndi anthu osamala, angopaka kumene njereza. Ine, munthu wobadwira pa chimanga, wokulira pa mtondo, ndinanunkhiza ufa n'kuutcha njereza.

"Bed space ndi K60,000 pamwezi," anatero mayiwo. "Mumalipira semesita yonse, miyezi 4, kuphatikiza dipoziti ya mwezi umodzi."

Mawu akuti space ndinawamva bwino lomwe, ndipo ndinavomereza kuti sipesi ilipodi yambiri. Ndinawerenga K300,000, ndalama ya mbatata ya alongo anga, n'kusayina pa kapepala kothothola m'kope. Pobwerera ndinagula nyama yowotcha pa Zalewa, yodzithokoza.

Patatha masabata atatu ndinamuperekeza mphwanga: thumba la ufa, nyemba, kachewere, ndowa, neti, hotipuleti yatsopano ndi sutikesi. Tinafika cha m'ma 4 koloko madzulo, magetsi atathimanso. Nditakankha chitseko, ndinabwerera m'mbuyo kukaona ngati ndalowa nyumba ya eni. Bedi limodzi lija kunalibe. Kunali madabulodeka awiri achitsulo, chingwe cha zovala chodutsa pakati, nsapato mulu pakhomo, ndi anyamata atatu ali chigonere.

"Mesho wafika!" anakuwa wa pamwamba, kutanthauza mnzawo wa m'chipinda.

Mmodzi wa iwo, conti wa chaka chachitatu wa ndevu zosapesa, ndiye anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa Chizungu. Bed space ndi bedi, ankolo. Bedi lokha, ndi mpweya wa pamwamba pake. Chipinda cha anthu anayi chimalowetsa K240,000 pamwezi, ndipo wofuna kukhala yekha alipire mabedi onse anayi. Tsiku limene ndinabwera ine madabulodeka anali kowotcherera. Kapepala kaja ndinakatulutsa m'thumba n'kukawerenga koyamba modekha: "Bed space 1, miyezi 4. Ndalama sibwezedwa." Pansi pake dzina langa, lolembedwa mokhotetsa ngati la bwana.

Mphwanga sanayankhule zambiri. Anangoti, "Palibe kanthu, a malume," mawu amene amapweteka kuposa kutukwanidwa.

Mkangano wa pakhomo pa a landilodi unatenga nthawi mpaka kunja kunada, minibasi za ku Ntcheu zinandisiya. Mayiwo, mwaulemu wawo womwe uja, anatulutsa matiresi akale m'chipinda chosungira katundu kuti ndigone pansi pakati pa mabedi. Ndinathokoza. Ndinadzitonthoza kuti ngakhale chipinda chili cha anayi, bata lokha ndinapeza. Ndinatumizanso uthenga kwa alongo anga: "Tafika bwino, kuno ndi pa phee."

Nthawi itangopitirira 10 koloko usiku, dera lonse linakuwa pamodzi: "Ayakaaa!"

Anyamata anadzuka ngati asilikali. Mahotipuleti atatu, ketulo, ayironi, malaputopu, zonse pa ekisitenshoni imodzi yodalira soketi imodzi ija ndinaichonga. Sipanathe mphindi ziwiri, thi! mdima. Conti anatuluka osavala nsapato kukakweza breaker, n'kubwera akundifotokozera ngati tili m'kalasi. Hotipuleti ya mawatsi 1,000 imadya yunitsi imodzi pa ola. Nyemba zouma ngati zimene mwabwera nazozi zimafuna maola atatu, ndiye mayunitsi atatu pa mphika umodzi. Mita ndi imodzi ndi nyumba yaikulu, kumene kuli giza ndi firiji, koma posonkha aliyense amapereka mofanana. Mayunitsi akatha pakati pa mwezi, wakuba amakhala amene waphika nyemba.

Akulankhula choncho, pansi panayamba kunjenjemera.

Poyamba kunamveka kulira kwa mota, kochokera pansi kukwera m'mwamba ngati ndege ikunyamuka pa Chileka. Kenako wina anathira chimanga. Khoma limene ndinaligogoda n'kuliyamikira kuti ndi louma linayamba kuvina, masupuni ali ngwerengwere m'kapu, dabulodeka ikuyenda yokha pang'onopang'ono kulunjika kumene ndinagona. Kuchokera pa mpata wa windo kunalowa kautsi koyera, kakutera pa bulangete langa. Njereza ija.

"Chimenecho n'chogaya!" anakuwa conti, pakamwa pali pakhutu langa. "Chokonola sichinayambe!"

Chinayamba.

Chigayo chinali kuseri kwa mpanda, khoma kukhudzana ndi khoma, khomo lake loyang'ana msewu wina umene kabaza sanadutseko. Magetsi akathima usana wonse, amayi amasiya matumba pamzere, ndipo akayaka usiku mwini chigayo amagaya mpaka mzere uthe. Nkhunda zokhuta zija zinali za madeya. Bata limene ndinagula ndi K300,000 linali la kuthima kwa magetsi, ndipo linafanana paliponse m'deralo tsiku limenelo, ngakhale pakhomo pa bala.

Chigayo chinazima cha m'ma 3 koloko. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti m'matiresi a chifundo aja sindinali ndekha. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kupinda msoko wa m'mbali: timadontho takuda ngati wina wagwedezerapo bolopeni, timakoko touma, ndi eni ake ofiirira, ophwatalala, akuthawa kuwala mimba zili tototo ndi magazi a Mngoni. Nsikidzi zimabisala m'misoko ya matiresi, m'malumikiziro a bedi ndi m'ming'alu ya khoma, usana simungazione mutangoima pakhomo. Kuziona n'kwa mphindi imodzi ndi tochi. Pa zinthu 7 zanga zija panalibe.

M'mawa panali mzere wa anthu 12 pa chimbudzi chimodzi, zipinda zitatu za anayi anayi. Mpopi wamphamvu uja unangoti fyoo, mpweya. Madzi amene anandinyowetsa buluku anali a m'thanki ya malita 1,000 imene inadzaza nthawi ya holide kopanda wotunga. Anthu 12 akasamba ndowa ya malita 20 aliyense ndi malita 240 apita, osawerengera kuchapa, kugejemula ndi a m'nyumba yaikulu. Mpopi wa mumsewu ukauma masiku awiri, thanki imakhala ng'oma.

Ndinati tiyende wapansi mpaka kusukulu kuti mwana adziwe njira. Kutsetsereka, kudumpha kamtsinje pa miyala, kukwera, kudutsa msewu wa magalimoto. Mphindi 52. Mphindi 7 zija zinali za injini. Kabaza anatiuza K1,500 ulendo umodzi, ndiye kupita ndi kubwera masiku 22 ndi K66,000, kuposa lendi imene.

Ndinabwerera kwa a landilodi mtima uli m'mwamba, nkhope yotupa, tsitsi lili mbuu ndi ufa.

"Amayi, bwanji simunandiuze za chigayo?"

"Munafunsa, bambo? Munati tikhale chete, ife tinakhala chete."

Ejenti foni yake inali itazima, onse awiri.

Conti uja anandiperekeza pa siteji, n'kundilozera m'mwamba. Pa polo panali mawaya anayi olowera ku nyumba ya malata kuseri kwa mpanda. Nyumba wamba imalandira awiri, anatero, mukaona anayi akupita ku shedi dziwani kuti muli mota yaikulu, chigayo kapena owotcherera. Iye akamafuna malo amazungulira mpanda wonse wapansi, amabwera kawiri, kachiwiriko Lachisanu usiku magetsi ali oyaka, ndipo safunsa mwini nyumba koma mwana wasukulu amene akuchapa panja: mumagona angati, mita mumagawana ndi ndani, geti amatseka nthawi yanji, dipoziti alipo anabwezeredwapo? Ndinamufunsa kuti nanga iye wanzeru chotere akutani m'chipinda chimenecho. Anati ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, sangasamuke, ndipo chigayo anachizolowera moti kukakhala zii sagona.

Kunyumba mayi a ana anangoona zotupa za m'khosi mwanga, zondandalikana zitatuzitatu, n'kutseka chitseko. Ndinavulira kuseri kwa bafa. Zovala zonse zinalowa mu mphika wa madzi owira, jekete ndi chikwama anazimanga m'pulasitiki yakuda n'kuziika padzuwa tsiku lonse. Komabe zina zinapulumuka, ndipo chifukwa mazira ake amaswa pakatha sabata ndi masiku angapo, tinabwereza ntchito yonseyo patatha masabata awiri, bedi lili panja, anthu opita kumsika akufunsa ngati tikusamuka.

Mphwanga anapirira masabata atatu, kenako mnzake wa kutchalitchi anamupezera bedi ku Chitawira, chipinda cha awiri, mphindi 15 wapansi. Anapita yekha kukachiona, usiku. Polipira kumeneko, inapita nkhumba yanga.

Bedi la ku Zingwangwa linatsala m'dzina langa mpaka semesita ithe, ndipo Mngoni sataya chimene walipira. Ndikapita ndi mbatata ndimagona komweko, pamwamba, thonje m'makutu. Anyamata amanditcha mesho, anandilemba pa ndandanda ya kuseri kwa chitseko: kusonkha mayunitsi K10,000, kukolopa chimbudzi Lachinayi. Alongo anga za ndalama sanafunsepo. Kungoti tikamadutsa pa chigayo cha pa Tsangano Turn-off magetsi atathima, amaima, amatchera khutu, n'kunena kuti, "Achimwene, apa ndiye pa phee. Mulibe kope lija?"