Mbiri ya moyo wanga, gawo lachisanu ndi chiwiri: Cheke cha Amayi ndi bodi imene inaphunzira kukana

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito ya ukalaliki m'kabungwe kosamalira odwala m'makomo m'komboni ya Mtendere, nditayendayenda nthawi yaitali mu Lusaka ndi satifiketi yanga ya ku koleji ya NIPA m'manja. Munali mu 2004. Bungwelo analiyambitsa mayi wina wa kwathu ku Katete, namwino wopuma pa ntchito, amene tonse tinkangowatchula kuti Amayi, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti sindinaonenso munthu wina wodziwa komboni ngati iwo. Ankadziwa nyumba imene muli wodwala wobisidwa kuchipinda, ankadziwa mlamu amene akudikira kulanda katundu wa mkazi wamasiye, ndipo akalankhula pamaliro ngakhale anyamata a kumanda ankakhala chete.

Koma bungwe lonse linali m'chikwama chawo cha m'manja. Buku la macheke linali mmenemo, chidindo chinali mmenemo, ndipo satifiketi yathu yochokera kwa Registrar of Societies, ofesi ya boma yolembetsa mabungwe, inkagona m'sutikesi kunyumba kwawo. Bodi, gulu loyang'anira bungwe, tinali nayo papepala: abusa a mpingo wina, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, ndi mlamu wawo wa Amayi amene anali msungichuma. Anthu amenewa ankasonkhana pokhapokha kukamveka kuti kukubwera alendo.

Zaka zimenezo ndalama zolimbana ndi Edzi zinayamba kulowa m'dziko mochuluka. Global Fund, thumba la mayiko ambiri lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, inali itakhazikitsidwa mu 2002, ndipo PEPFAR, ndondomeko ya America yolimbana ndi Edzi imene pulezidenti George W. Bush analengeza mu 2003, inaika Zambia pakati pa mayiko 15 amene inayang'anapo kwambiri. Ndalamazo sizinkafika kwa ife molunjika, zinkadzera ku mabungwe akuluakulu, ndipo iwowo asanatipatse kalikonse ankatumiza anthu odzatiyesa. Anabwera ndi mndandanda wa mafunso. Amasaina cheke ndani? Bodi inakumana liti komaliza, ndipo maminitsi ali kuti? Kodi ndalama za penshoni ya antchito za ku NAPSA ndi msonkho wa boma wa ku ZRA mumapereka? Alendo atachoka, Amayi anandiitana ali okwiya. "Mwana wanga, anthu awa afunsa za mapepala tsiku lonse, koma palibe amene wafunsa kuti mwezi uno taika maliro angati." Ndinawayankha kuti, "Amayi, mwanena zoona, koma akapanda kuona mapepalawo sitidzaona ngakhale ngwee." Tonse tinali ndi mfundo, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira choncho.

Chotsatira chinali mawekishopu. Amene anagwira ntchito m'mabungwe zaka zimenezo akudziwa za ulendo wa ku Siavonga, za hotelo ya m'mbali mwa nyanja ya Kariba, za mapepala aakulu omatidwa kukhoma olembedwa masomphenya a bungwe, ndi za mzere wosainira alawansi tsiku lomaliza. Sindikunyoza zimene zinkaphunzitsidwa kumeneko, chifukwa zambiri zinali zanzeru. Vuto linali lakuti kalata yoitana inkalembedwa kwa mkulu wa bungwe, choncho wopita anali yemwe uja amene mphamvu zonse zinali kale m'manja mwake. Amayi ankabwerako ndi fayilo yokongola ndi satifiketi, fayiloyo n'kulowa m'kabati. M'mabungwe ena kumene ankatumiza achinyamata, wophunzirayo ankati akasonkhanitsa masatifiketi okwanira, n'kukapeza ntchito ku maofesi a ku Kabulonga kapena ku Rhodes Park, madera apamwamba a mu Lusaka, bungwe lija n'kutsala monga linalili.

Chimene chinatisintha chinali chosaoneka bwino m'lipoti. Limodzi la mabungwe akuluakulu aja linatitumizira akauntanti wachikulire, membala wa ZICA, bungwe la maakauntanti a m'Zambia, amene ankabwera sabata iliyonse n'kukhala nafe patebulo lathu lomwelo lopendekeka. Sanatiphunzitsepo pabolodi. Ankangoti, "Mnyamata, bweretsa malisiti a sabata yatha," ndipo tinkayamba. Kwa iwo ndinaphunzira kulemba buku la ndalama tsiku ndi tsiku, kufananitsa bukulo ndi chikalata cha ku banki mwezi ukatha, ndi kufunsa mitengo m'masitolo atatu tisanagule chinthu chachikulu. Nthawi imeneyo tinkawerenga m'mamiliyoni, popeza kwacha inali isanachotsedwe ziro zitatu monga zinachitikira mu Januwale 2013, ndipo ziro imodzi ikasowa tinkatha madzulo onse tikuifunafuna. Lamulo limene ankalibwereza kwambiri linali lakuti wopempha ndalama asakhale wovomereza, ndipo wovomereza asakhale wosunga.

Lamulo limenelo linkaloza kwa Amayi, ndipo aliyense ankadziwa. Akauntanti aja sanawauze okha. Anapempha kuti bodi ikumane popanda mlendo aliyense, ndipo anayala patebulo malamulo oyendetsera bungwe amene mamembalawo anasainira koma anali asanawawerengepo. Pamene nkhani inafika poti membala wa bodi azikhala zaka zowerengeka kenako n'kupatsa mpata ena, m'chipindamo munazizira, mpaka abusa anati, "Abale, dzana lomweli mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi a mu NGOCC anagwirizana mu gulu la Oasis Forum kukaniza pulezidenti Chiluba kuima kachitatu pachisankho, ndiye ife tikakamire mpando wa ku Mtendere?" Anthu anaseka, ndipo mfundo inadutsa. Zimene abusa ankanena zinachitika mu 2001, choncho zinali zisanaiwalike. Mlamu wawo wa Amayi anatula pansi udindo wa msungichuma mwaulemu, m'malo mwake munalowa mayi wina amene anagwirapo ntchito kubanki, ndipo cheke chilichonse chinayamba kufuna anthu awiri osaina.

Mayeso enieni anabwera pamene mwana wa mmodzi mwa amayi athu odzipereka anamwalira. Amayi analemba cheke chogulira bokosi kuchokera ku ndalama za opereka thandizo, monga ankachitira kale ndi ndalama za m'thumba mwawo. Msungichuma watsopano anakana kusaina, chifukwa bokosi silinali mu bajeti ndipo odita, wofufuza mabuku a ndalama, akanalipeza. Ndine ndinanyamula yankholo kupita nalo kwa Amayi. Anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye kuti bungwe limene ndinalibereka likundimana bokosi la mwana?" Bokosilo tinaligula posonkha tokha antchito ndi a bodi. Anthu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya imeneyi inachokera kwa anthu amene iwo eni anawaika pampando, ndipo ndimawalemekeza kuti sanathamangitse aliyense. Pamsonkhano wotsatira anabwera ndi ganizo lakuti tiyambe kuweta nkhuku kuseri kwa ofesi, kuti tikhale ndi thumba lathulathu limene bodi ingagwiritse ntchito pamaliro ndi pamavuto ena popanda kupempha chilolezo kunja. Palibe wekishopu imene inawaphunzitsa zimenezo.

Mu 2005 boma linayamba kupereka ma ARV, mankhwala otalikitsa moyo wa anthu omwe ali ndi HIV, mwaulere m'zipatala zake, ndipo ntchito yathu inasintha nkhope. Anthu amene tinkawasambitsa ali chigonere anayamba kudzuka, ndipo chofunika tsopano chinali kutsatira amene wasiya kumwa mankhwala ndi kusunga kaundula wogwirizana ndi wa kukiliniki. Amene ankaidziwa bwino ntchito imeneyi anali mtsikana wina pakati pa odzipereka, amene iyenso ankamwa mankhwalawo ndipo sankabisa. Amayi anayamba kumutenga kumisonkhano, poyamba kuti azinyamula mafayilo, kenako kuti aziwerenga lipoti iwo atakhala kumbuyo, ndipo kalata za mawekishopu zikabwera ankafufuta dzina lawo n'kulembapo la iye.

Pamene lamulo la mabungwe omwe si aboma la 2009 linadutsa, lofuna kuti mabungwe azilembetsanso zaka zisanu zilizonse, ambiri analitsutsa poona kuti likupereka mphamvu zochuluka kwa boma, ndipo ifenso tinali kumbali imeneyo. Koma za maminitsi ndi malipoti a odita sitinkadanso nazo nkhawa. Nkhawa yathu chaka chimenecho inali ina: Amayi anadwala, ndipo bodi inayenera kusankha wolowa m'malo mwawo pakati pa mtsikana uja ndi ine. Za chisankho chimenecho ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.