Mpunga wapadzino

Abale nzimbe siyocheza nayo. Dzino langa lakutsogolo linabenthuka pakona chinkhoswe cha mchemwali wanga chili pafupi, ndiye ndinathamangira kwa dokotala wa mano mtaunimu kuti akamate ndi kompoziti, kaphala koyera kaja amakaumitsa ndi kagetsi ka buluu.

Adokotala anandiyasamulitsa, kundiika thonje, kupopera mphepo padzino, kenako foni yawo kulira, ine kukamwa kuli yasaa iwo akukambirana za simenti ya nyumba yawo. Pobwera ndi pomwe anatulutsa kachipangizo ka timano tachitsanzo, VITA, kali ndi mitundu 16 kuyambira A1 mpaka D4. Anayika kamodzi pafupi ndi dzino langa nkuti "A1, achimwene mano anu ndi oyera bwanji." Ine wa tiyi wamakapu atatu mmawa uliwonse kumva choncho mtima unachita kuti myaa.

Kumeneko nkuti dzino likauma limayera kwakanthawi, malovu akabwereramo limabwerera mtundu wake weniweni. Kutacha mano onse anali atabwerera ku chikasu chawo cha makolo, kachigamba kokha kali mbee.

Kuchinkhoswe zinayamba ndi MC, kundinong'oneza kuti "bwana muli ndi mpunga padzino." Chakudya chisanagawidwe nkomwe! Mwana wina anafunsa mayi ake mokweza kuti amalume aja adya kale bwanji ife tikudikira. Koma azakhali ndi omwe anandimaliza, anandikokera kuseri kwa tenti, kunyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu nkuyamba kupala dzino langa ndi mphamvu zonse, "khala chete iwe, ukufuna akuchimuna aziti kwathu kuli njala?" Ndikuti azakhali ndi za kuchipatala izi, iwo akuti "mpunga wa Kilombero umamata chonchi."

Dokotala wina amene ndinapitako pambuyo pake anandiimika pawindo dzino lili lonyowa, asanagwire chilichonse, nkuumitsa kadontho ka kompoziti kongoyesera mtundu kaye. Mtundu wanga ndi A3.5 akuti. Ndinafunsa ngati sitingangoyeretsa mano enawo kuti afanane ndi chigambacho, anandiuza mtengo wake, ndinati ayi ingochotsani mpungawo.

Zithunzi zatuluka sabata yatha. Wojambula, mwa chifundo chake, anafufuta "chakudya" chija pa kompyuta osandifunsa, ndiye mu alubamu yonse ya banja ndikumwetulira ndi dzino lobenthuka.