Akatswiri anasiya kalekale kuzitcha matenda

Abale anga a kuno ku Johannesburg, nkhani ya amuna kapena akazi okondana okhaokha ikangobuka m'magulu athu a WhatsApp, sipalephera wina wonena kuti anthuwa mitu yawo sikuyenda bwino. Akatswiri a za maganizo anasiya kalekale kulankhula choncho.

Amene anagwedeza nkhaniyi ndi mayi wina wa ku America, Evelyn Hooker. Mu 1957 anatulutsa kafukufuku wa amuna 60, theka okonda amuna anzawo, theka okonda akazi. Onsewo anawayesa mayeso a maganizo ofanana, zotsatira zake n'kupereka kwa akatswiri ena osawauza kuti uyu ndi wa gulu liti. Akatswiriwo analephera kusiyanitsa. Anthu 60 ndi ochepa ndithu, koma ofufuza ena anatsatira, mpaka mu 1973 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachitanso chimodzimodzi mu 1990.

Zamalamulo ndi zachipembedzo tingatsutsane mpaka tambala kulira. Kuno maukwati otere analoledwa mu 2006, pomwe kwathu ku Malawi khoti linagamula mu 2024 kuti lamulo loletsa anthu otere kugonana likhalebe. Chimene chimandiwawa ine ndi makolo okakamiza mwana kuti akamuchiritse. Kafukufuku sanapeze umboni woti zimenezi zimasintha munthu, koma wasonyeza kuti achinyamata okanidwa kwawo amadwala kwambiri matenda a nkhawa, ena mpaka kufuna kudzipha.